Tsabola, Fereti Wotsalira ku Al Twar

Tadala ndi iwe Yamikani, ana anga, mawondo andikhazika pansi tsopano, ndiye ndati ndilembe ndisanayambe kuiwala. Za ubwana wanga ku Dedza mumazidziwa, palibe chachilendo. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito, makamaka ntchito yanga yotsiriza, imene mumandiseka nayo mpaka lero kuti mayi anu anakwera ndege kukalera makoswe. Sanali makoswe ayi. Werengani kaye, museke bwino pambuyo pake.

2008 mpaka 2015

Ndinafika ku Dubai mu 2008, bambo anu atangotisiya, nditavala juzi yanga ya ku Dedza poti panalibe wondiuza. Potuluka pabwalo la ndege mpweya wotentha unandimenya kumaso, ine n'kumati ndaima pafupi ndi injini ya basi. Ndinasunthira uku, ndinasunthira uko, chimodzimodzi. Dziko lonse linali lotero.

Ntchito yoyamba inali ku Discovery Gardens, kwa banja la amwenye la ana awiri. Nyumba za kumeneko n'zofanana zonse, moti mwezi woyamba ndinkasochera pochokera kotaya zinyalala. Abwana anali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula. Adona ndiwo anali moto. Ankadutsitsa chala pamwamba pa chitseko kufuna fumbi, akalipeza n'kundionetsa chalacho ngati chipululu ndabweretsa ndine. Mawu oyamba a Chiarabu amene ndinaphunzira anali "yala, yala", kutanthauza kuti fulumira, ndipo ndinkawamva kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinkagona m'kachipinda kosungiramo masutikesi. Ana aja ndinawasambitsa, ndinawabereka kumbuyo, ndinawaphunzitsa kuyenda, pamene inu kuno mukukula ndi azakhali anu, ine n'kumangokumvani mawu pafoni. Atayamba sukulu anawo, banja linasamukira dziko lina. Tsiku lotsazikana kamtsikana kanagwira chitenje changa kakulira, amayi ake n'kukachotsa dzanja, amvekere "khalasi", ndiye kuti zatha. Zinatheradi pomwepo, sindinamvenso za iwo.

Kuchoka apo ndinapita ku Marina, m'nyumba zosanja zija zazitali zoti ukayang'ana m'mwamba khosi limawawa. Abwana ake anali wosakwatira, ndipo zaka zonse ankanditchula Mary pamene ine ndine Eneless. Ndinawauza dzina langa kawiri, kenaka ndinatopa, n'kumangovomera. Nkhanza analibe, kungoti sankandiona. Malaya ositidwa ankawapeza m'kabati ngati amamera okha. Chabwino chimene ndinatola ku Marina ndi a Mavuto, mlonda wa pachipata, kwawo ku Mulanje. Ndinawadziwa tsiku lina lifiti itafa, nditamva munthu wa yunifolomu akung'ung'udza yekha kuti, "Koma chinthu ichi chindimaliza ine." Ndinati, "Achimwene, mwaswera bwanji?" Anatsala pang'ono kugwetsa wailesi yawo ya ntchito. Kuyambira pamenepo anakhala mlongo wanga wa kuchilendo, ndipo wina wa ife akamapita kumudzi ankanyamulirako mnzake katundu.

2016, ku Al Twar

Madamu Lorna ndi amuna awo, Bwana Piti, ankachita lendi nyumba ya mpanda ku Al Twar. Abwana ankakonza ndege, ana analibe. Tsiku londiyesa ntchito madamu anandifunsa funso limodzi lokha, kuti kodi ndimaopa nyama. Ine poganiza za galu ndinati ayi. Anatsegula chitseko cha chipinda chakumapeto, ndipo fungo linandilonjera ndisanaone kanthu. Amene ananunkhizapo kanyimbi akudziwa, kungoti ili linali locheperako. Pansi panali tinyama tatitali, ta miyendo yaifupi, tikudumphadumpha cham'mbali misana itapindika. Ndinakuwa kuti, "Mayo ine, alikongwe!" Madamu anati dzina lake ndi fereti, ndipo kwawo anthu amaweta ngati mphaka. Ine mumtima ndinati, kwathu kanthu kotere tikakaona pafupi ndi khola la nkhuku timatola mpini. Koma ntchito ndinkaifuna, ndiye ndinamwetulira.

Madamu sankagula mafereti. Ankatola amene anthu atopa nawo, kuwachiza, n'kuwapezera makomo ena. Munthu amagulira mwana kanyamako poona kukongola, pakatha miyezi fungo lamukwana, kamubera masokosi, kaluma mlendo chala, basi akufuna kukataya. Ena ankabwera ataonda, ena ubweya utathothoka. Ntchito yanga inali ya m'nyumba monse, koma theka la tsiku linkathera m'chipinda chimenecho, kuchapa tinsalu togonapo, kukolopa m'makona poti amadzithandiza pakona, kuduladula nyama ya nkhuku yaiwisi. Inde, nkhuku. Ndinkadula ntchafu zonona ndikukumbukira kuti inu kuno nkhuku mumaiona pa Khirisimasi, mtima n'kumandiwawa. Chaka choyamba ndinkadana nato tinyamato, ndipo ndinkatiuza pamaso m'Chichewa.

Chimene madamu anandikhomera m'mutu ndi kutentha. Anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Eneless, m'nyumba muno ukhoza kuswa mbale, ukhoza kupsereza malaya a Piti, sindikalipa. Koma eyakoni yoziziritsa chipinda ichi usadzazimitse olo tsiku limodzi." Fereti satuluka thukuta. Kutentha kumene ife timangoti lero kwatenthako, iye kumamupha, ndipo fani simuthandiza. Ukaona wayasama, akupuma mwawefuwefu, dovu likutuluka, thupi lalefuka, dziwa kuti zinthu zavuta. Pamenepo sumuponya m'madzi oundana ayi, umamunyowetsa mapazi ndi pamimba ndi madzi ozizira pang'ono, n'kuthamangira naye kwa dokotala wa ziweto. Mufiriji munkakhala mabotolo a madzi oundana nthawi zonse, oti tikulunge m'nsalu n'kuwaikira m'khola magetsi akavuta. Zinanditengera nthawi kuzolowera, chifukwa miyezi ya Juni ndi Julayi imene ku Dedza timafunda mabulangete awiri, ndi yomweyo imene kumeneko kumapsa. Dzanja langa linkadziwa kuti chodwala timachifunditsa, moti madamu anachita kundilanda nsalu kangapo.

Lachisanu, tsiku lathu lopuma, tinkakumana kutchalitchi amayi a ku Malawi ndi a ku Zambia. Amake Joyi, mnzanga wa ku Chipata, ankandinunkhiza paphewa n'kunena mokweza kuti, "Anambewe, mwabwela nato tukoswe twanu? Ise tilela bana, imwe mulela vinyama!" Ine ndinkati, "Anga sakanena bodza kwa madamu." Tinkaseka mpaka misozi, kenaka aliyense n'kukwera metiro, sitima ya m'tauni, kubwerera kokakolopa. Zaka zimenezo zinali zabwinoko. Madamu ankadziwa mayina anu, ankafunsa za mayeso a Yamikani, ndipo Bwana Piti ankatsuka okha kapu yawo.

Malichi mpaka Juni 2020

Mliri wa korona utafika, ndege zinaima, ndipo panali nthawi imene kutuluka panja kunkafuna chilolezo cha pafoni. Anthu ambiri ntchito zinawathera. Ku Dubai ntchito ikatha viza nayo imatha, ndiye mpata wa ndege ukangopezeka munthu ankanyamula sutikesi n'kusiya zonse, mipando, maluwa, ziweto zomwe. Kunamvekanso kuti mafereti amatha kutenga matendawa kuchokera kwa anthu. Anthu anamva mokhota, n'kumati ndiwo akufalitsa. Foni ya madamu inkalira kosalekeza, onse ofuna kupereka, wofuna kutenga ng'o. Chipinda chimene chinkasunga anayi chinadzaza mpaka khumi ndi awiri. Chakudya chawo cha m'mapaketi chinasowa m'masitolo, ndiye nkhuku yodula inachuluka, manja anga n'kumachita dzanzi. Polowa m'chipindamo ndinkavala masiki, osati kudziteteza ine koma kuteteza iwowo.

Tsiku lina masana a Mavuto anandiimbira. Anali atatumidwa kukatsegula fulati ya anthu amene anachoka osatsazika. Anapezamo khola, muli mafereti awiri, mbale ya madzi ili gwa. Anachita chimene Mmalawi aliyense wa mtima wabwino akanachita. Anati mumtima, ka m'tchire aka, kavutikiranji m'khola? Anatenga wamphamvuyo n'kukamumasula pa kapinga wa kuseri kwa nyumba, pansi pa timitengo, kuti akadzionere yekha zochita. Winayo anamusiya poti ankalephera kuima. Atapitanso kukasuzumira, dzuwa lisanapendeke n'komwe, anamupeza pomwe anamusiyapo, atafa, kukamwa kuli yasa.

"Ndalakwa, achemwali," anatero. "Ndimayesa ndi likongwe. Likongwe kwathu amafa ndi dzuwa?"

"Ameneyo si likongwe, achimwene. Tchire salidziwa, kusaka sadziwa, madzi amadziwa a m'mbale basi. Winayo ali kuti?"

"Ali m'katoni, pansi pa tebulo langa. Ndamufunditsa kathaulo."

"Chotsani kathauloko! Muikeni pa eyakoni, mumunyowetse mapazi. Tikubwera ndi madamu."

Sindinawakalipire. Ndikanawakalipira bwanji, pamene kwathu tonse timatero? Galu akakalamba, mphaka akativuta, timakamusiya kutali n'kunena kuti Mulungu aona.

Wa m'katoniyo ndiye Tsabola. Dzinali ndinamupatsa ndine, chifukwa atangotsitsimuka chinthu choyamba chimene anachita ndi kundiluma. Anali nkhalamba, maso atayera ndi ng'ala, mchira wopanda ubweya. Dokotala anati ali ndi nthenda yotsitsa shuga m'thupi, yosachizika, yongoithandizira. Ankafunika kudya pafupipafupi. Ukachedwa ankangoti zii, kuyang'ana khoma, dovu chuchuchu, mpaka umupake uchi m'nkhama. Chovuta chake, mbale anakana, supuni anakana, dzanja la madamu anakana. Msuzi wa nkhuku yopera ankaudya pokhapokha aunyambite pa chala changa. Madamu ankaseka kuti, "Wakusankha, Eneless." Ine ndinkati, "Akanandisankha mwamuna wa galimoto bwenzi ndikuthokoza, osati nkhalamba yonunkhayi." Komabe ndikamasita ankandipeza ndi mphuno, n'kugona pa phazi langa, ine n'kumasita nditaima malo amodzi kuti ndisamudzutse.

Julayi 2020

Mwezi umenewu zinthu ziwiri zinafika pamodzi. Bwana Piti ntchito inawathera, poti ndege zambiri zinali zitangokhala pabwalo. Ndipo iwe Tadala unandiimbira, n'kuyamba ndi za chisanu ndi za mbatata ya kachewere, kenaka n'kunena zimene unandibisira miyezi yonseyo, kuti uli ndi pakati, ndipo mwana akuyembekezeka kumapeto kwa Seputembala. Unati, "Amayi, kuchipatala akuti wodikirira akhale mmodzi yekha chifukwa cha matendawa. Ine ndikufuna inuyo. Pa chinamwali changa inu kunalibe, ukwati wanga munaonera pafoni. Apa pokha mubwere." Ndinati ndibwera. Ndinanena osaganiza kawiri, ndisakudziwa n'komwe kuti ndibwera bwanji.

Madamu ndi abwana anapeza ndege yopita kwawo, koma dziko lawo sililola fereti kulowa, olo mmodzi. Madamu analira mpaka maso kutupa. Anandigwira manja nati, "Lendi ya nyumba ikutha mu Seputembala. Tsala, uwapezere makomo. Za tikiti yako usadandaule, ndege ikangopezeka upite." Anandisiyira makiyi, foni ya anthu ofunsira, ndi nyumba yaikulu yopanda mipando. Ndinali ndikuyandikira zaka makumi asanu ndi limodzi, msana ukuwawa, ndipo ndinali nditatopa kutopa kosatha ndi tulo. Ndikalankhula m'nyumbamo mawu ankabwerera, ndiye ndinkangokhalira m'chipinda cha mafereti.

Makomo ndinkawasankha m'njira yangayanga. Sindinkapita madzulo kutazizirako. Ndinkapita masana dzuwa lili paliwombo, n'kuvula nsapato pakhomo ngati ndi ulemu, koma ndikumva pansi ndi mapazi. Eni nyumba ankandionetsa khola lokongola ndi zoseweretsa, ine n'kumangogwedeza mutu. Kenaka ndinkapempha madzi akumwa, n'kutsatira wantchito kukhitchini, n'kumufunsa chapansipansi kuti, "Abwana akachoka, eyakoni imatsala yoyaka?" Antchito sitimanamizana pa zimenezi. Mtsikana wina wa ku Uganda anandiuza kuti, "Mama, akangotuluka amazimitsa zonse, ine ndemwe ndimapsa muno." Kumeneko sindinasiyeko kanthu. Pang'onopang'ono anapita, ena ku Discovery Gardens kwa mphunzitsi wina, ena kwa namwino wachifilipino, ena kwina. Aliyense ankafuna aang'ono osewera. Akaona Tsabola ankangoti "pepani", maso n'kupita kwa wina.

Masana ena eyakoni ya chipinda chawo inangoti phwii, n'kuzima. Wokonza anati abwera mawa, inshala, ndiye kuti Mulungu akalola, ndipo ndinali nditakhalitsa mokwanira kudziwa kuti mawa ameneyo sachedwa kusanduka mkuja. Ndinasamutsira otsalawo m'bafa, pa matailosi, mabotolo oundana mbali zonse, ine nditakhala pa chidebe ndikunyowetsa mapazi a Tsabola. Ndinadziona pagalasi n'kudzifunsa kuti, iwe Eneless mwana wa a Mbewe, zafika pamenepa? Onse anapulumuka, koma chidebe chinandisiyira msana wouma sabata yathunthu.

Kumapeto kwa Ogasiti 2020

Uthenga unabwera pa gulu lathu la pafoni la amayi a kutchalitchi kuti kuli ndege yopita ku Lilongwe, malo ndi ochepa, ndipo dzina langa lalowa. Ina idzapezeka liti, panalibe wodziwa. Pofika kumudzi kunali lamulo lodzipatula kaye, ndiye ndinaona kuti ndikakwera imeneyi ndidzatuluka iwe uli pafupi kuchira. Ikandisiya, ndiye kuti chikuta chako chindipitanso ngati zina zonse zija. M'nyumba munali mutatsala Tsabola yekha.

Ndinayesa, ana inu, Mulungu ndi mboni. Ndinaimbira onse amene anatenga anzake, koma anati chakudya cha pachala pafupipafupi sangakwanitse, amapita kuntchito. Namwino uja anamvera chisoni n'kumutenga. Tsabola anakana kudya, anakomoka, ndipo m'mawa mwake anandibwezera ali lende. Malo osungira ziweto zotayidwa anali atadzaza agalu ndi amphaka. Kenaka kunapezeka bambo wina wa ku Marina, m'nyumba yomwe a Mavuto ankalondera, amene anati amutenga lero lomwe, mwana wawo akusowa chosewera nacho. Ndinapita masana. Anandionetsa khola latsopano lili pakhonde, kunja, kuseri kwa chitseko chagalasi. Anati akazi awo safuna fungo m'nyumba, koma pakhondepo pali mthunzi ndipo aikapo fani. Ndinaponda pakhondepo wopanda nsapato, n'kudumpha. Ndinawauza kuti pamenepo safika madzulo ali moyo. Anaseka nati, "Ndi nyama, mama, izolowera." Ndinathokoza, ndinavala nsapato zanga, ndinatsika.

Pansi ndinakhala pa mpando wa a Mavuto. Nditawafotokozera anati, "Ndipatseni ine, achemwali. Mnzake ndinapha ndine, uyu ndimusunge."

"M'chipinda cha kampani mumagona angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Ziweto amalola?"

"Akakupeza nacho, ntchito yatha."

"Nanga eyakoni masana?"

Anayang'ana pansi. "Amazimitsa tikapita ku shifiti."

Kenaka anati, "Ndiye apatseni abwana a pamwambawo. Inu simudzaona. Mudzakhala muli ku Dedza, muzidzangoti mwina ali moyo." Ndinawamvetsa, ndipo ankanena mondikonda. Ife chinthu sitichipha ndi dzanja ngati sitikuchidya, timachisiya poti tisachione, n'kutsala ndi mawu oti mwina. Koma ine ndinali nditaponda pakhonde paja, ndipo ndinkadziwa mmene akanafera, akupuma mwawefuwefu, akukanda galasi limene sakuliona.

Ndinaimbira madamu. Analira, n'kunena kuti, "Eneless, sungatsaleko mwezi wina? Ndilankhula ndi mwini nyumba. Mwina wina apezeka." Ndinatseka maso. Zaka khumi ndi ziwiri ndinali ndikuyankha kuti "chabwino madamu" kwa aliyense wondipempha kanthu. Ndinati, "Ayi, madamu. Mwana wanga akuchira. Ana a eni ndalera, ziweto za eni ndalera. Uyu ndi wanga." Kenaka anati, "Wanena zoona. Undikhululukire pokufunsa. Ndiye ukudziwa chimene chatsala." Ndinati ndikudziwa. Anati dokotala amuimbira okha.

M'mawa wa tsikulo ndinamuphikira msuzi wake, n'kumusiya anyambite mpaka atatopa yekha. Ndinakulunga botolo loundana, ndinaitana takisi, n'kuuza dalaivala kuti akweze eyakoni. Ndinadziseka ndekha, kuti ukupita naye kokafa koma ukuopa kuti angatenthedwe panjira. Kuchipatala cha ziweto, chifukwa cha mliri, eni ake ankatsala panja. Unkapereka chiweto pakhomo n'kudikira. Mtsikana wa pakhomopo anatambasula manja, ine ndinakana. Ndinati, "Uyu saona. Akamva dzanja lachilendo achita mantha. Ndilowa naye." Anati malamulo salola. Ndinati ndiye ndiimirira pompano mpaka mutseke. Nthawi imeneyo anthu ankafa okhaokha m'zipatala, abale ali kuseri kwa mpanda, ndipo zimenezo zinali zitandikwana. Dokotala anatuluka, mayi wachikulire wa ku India, maso ali psu ndi kutopa ngati anga. Anandiyang'ana, anayang'ana Tsabola, nati, "Valani masiki bwinobwino, lowani."

Anandifotokozera kuti jakisoni woyamba ndi wa tulo, wachiwiri sadzaumva. Anatinso ngakhale ndikanatsala, nthendayo inali itapita patali. Kaya ananena zoona kaya ankangonditonthoza, sindikudziwa, ndipo sindinafunse. Ndinamugoneka pa mkono, mutu pa chigongono, n'kuthira timsuzi pa chala. Ananyambita, lilime likunka lichedwa, kenaka linaima. Thupi linalemera pang'ono. Dokotala anamvetsera pachifuwa n'kunena motsitsa kuti, "Wapita, mama." Khola ndinalisiya pomwepo kuti apatse wina. Kunja kunkatentha monga mwa masiku onse, ndipo ndinapita kukatseka mawindo, kukazimitsa eyakoni, n'kukapereka makiyi.

Seputembala 2020, ku Dedza

Ndege ndinakwera. Ndinadzipatula m'kanyumba ka kuseri kwa azakhali anu, iwe Tadala ukundiikira chakudya pakhomo n'kuima patali, mimba ili kutsogolo, tikulankhulana mokuwa ngati anthu okangana. Nditatuluka sipanapite nthawi, matenda ako akuchira anayamba. Wodikirira ndinali ine. Ndinakusisita msana, unandikalipira, unandifinya dzanja mpaka linatupa, ndipo kulira koyamba kwa mdzukulu wanga ndinakumva ndi makutu angawa, osati pafoni. Sindinong'oneza bondo. Mutandibwezera ku Al Twar lero, ndikhoza kusankha chimodzimodzi.

Koma pali chimene unandifunsa m'chikuta, ndipo sindinakuyankhe bwino. Tsiku loyamba kumusambitsa mwana, nditamugoneka pa mkono, mutu pa chigongono, anatembenuka n'kuyamba kuyamwa chala changa. Unaona ndangouma, madzi akuzizira m'beseni, misozi ikugwera pa chitenje. Unati, "Amayi, n'chiyani? Mwana ali bwinobwino?" Ndinati ali bwino, ndi kutopa kwa ulendo chabe. Sikunali kutopa kwa ulendo, mwana wanga. Ndinkadikira kuti ndione ngati lilime lake lipitiriza.

Linapitiriza.